Sitiroko pa ulendo wa pandege: zochita musanakwere, muli m'mwamba, ndiponso mutatsika

Amene adakwerapo ndege usiku wonse amaidziwa nthawi ija yotsika, pamene ukufuna kubwezera phazi mu nsapato imene udavula dzulo, nsapato n'kukana. Phazi latupa, akakolo sakuonekanso. Kwa ambiri zimathera pomwepo, kukamacha phazi laphwa. Komabe kutupako kukunena zoona: kwa maola ambiri magazi a m'miyendo anali kuyenda mwaulesi, ndipo magazi akachedwa pamalo amodzi amayamba kuundana.

Ndineneretu, kuti wina asalephere ulendo chifukwa cha mantha: sitiroko yobwera chifukwa cha ulendo wa pandege si yofala. Anthu mamiliyoni amauluka tsiku lililonse n'kutsika ali bwinobwino. Chondidetsa nkhawa n'chakuti m'mwamba mulibe makina ojambula ubongo, mulibe mankhwala osungunula magazi oundana, ndipo chipatala chapafupi chikhoza kukhala kutsidya kwa nyanja. Mtsempha waukulu wa mu ubongo ukatsekeka, maselo a ubongo pafupifupi 1.9 miliyoni amafa mphindi iliyonse. N'chifukwa chake zambiri zokutetezani muyenera kuzichita mukadali pansi.

Ndege ndi sitiroko zimakumana pati

Sitiroko ili mitundu iwiri. Yambiri, pafupifupi 85 mwa 100 iliyonse, imachitika mtsempha wopititsa magazi ku ubongo ukatsekeka. Yotsalayo ndi ya mtsempha wophulika, magazi n'kukhuthukira mu ubongo.

M'ndege mpweya wake suli ngati wa pansi pano. Mukakhala pampando paja, thupi limamva ngati lili paphiri lotalika mamita 1,800 mpaka 2,400. Okosijeni wolowa m'magazi amachepako. Munthu wathanzi sazindikira n'komwe, koma wa mtima wofooka, wa mapapo odwala, wochepa magazi kwambiri kapena wa matenda a magazi otchedwa sickle cell, kuchepa kumeneko kumamukhudza. Mpweyawo ndi woumanso, chinyezi chake kawirikawiri sichifika pa 20 peresenti, n'chifukwa chake milomo imauma ndipo kummero kumakanda.

Koma mdani wamkulu ndi mpando. Izi zidadziwika kale. M'chaka cha 1940, dokotala wopima mitembo ku London, Keith Simpson, adaona kuti anthu ofa ndi magazi oundana m'mapapo achuluka mwadzidzidzi. Anali anthu ochezera usiku wonse pamipando yopinda m'malo obisaliramo mabomba, thabwa la mpando likuwafinya kuseri kwa maondo. Mu 1954 dokotala wina wa ku Boston, John Homans, adalemba za munthu amene magazi adamuundana m'mwendo atauluka maola 14. Kenako mu 2007 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO lidatulutsa zotsatira za kafukufuku wake wotchedwa WRIGHT: kukhala pansi paulendo wa maola 4 kapena kuposerapo kumachulukitsa kawiri chiopsezo cha magazi kuundana m'mitsempha, ngakhale kuti zimagwera munthu mmodzi mwa anthu pafupifupi 6,000. Basi, sitima ndi galimoto zilinso momwemo. Mpando wa tikiti yodula sukupulumutsani ngati simusuntha.

Tsono magazi oundana m'mwendo amafika bwanji ku ubongo? Mwa anthu ambiri safika. Kachidutswa kakathothoka kamapita kumtima, kuchoka apo kumapapo, n'kukakamira kumeneko, zimene n'zoopsanso pazokha. Koma mwana ali m'mimba amakhala ndi kabowo pakati pa zipinda ziwiri za kumtunda kwa mtima, ndipo kamayenera kutsekeka akabadwa. Mwa munthu mmodzi pa anayi alionse kabowoko sikatsekeka kotheratu. Madokotala amakatchula kuti PFO. Ambiri amene ali nako amakalamba osadziwa, ndipo sikawavuta. Koma kachidutswa ka magazi oundana kakadutsira pamenepo, kamalambalala mapapo n'kulowa njira yopita kumutu. Umu ndi mmene munthu wachinyamata, wopanda BP, wopanda shuga, amagwera pabwalo la ndege atangotsika ulendo wautali.

Njira ina ndi yachete koma ndi yofala kuposa imeneyi: munthu amakwera kale ndi vuto lake, BP yokwera kapena mtima wogunda mosalongosoka, kenako n'kuphonya mankhwala chifukwa ali m'chikwama chachikulu kapena chifukwa nthawi yasokonekera.

Choyamba: dziwani ngati muli m'gulu lofunika kuonana ndi dokotala

Si aliyense wofunika kupita kuchipatala asanauluke. Koma pitani, makamaka kukadali milungu ingapo, ngati ulendo upitirira maola 4 ndipo chimodzi mwa izi chikukukhudzani. Mudadwalapo sitiroko, kapena ija yaing'ono imene zizindikiro zake zimatha zokha. Magazi adakuundananipo m'mwendo kapena m'mapapo, kapena zidachitikira kholo lanu kapena m'bale wanu wa bere limodzi. Mtima wanu umagunda mosalongosoka, vuto limene madokotala amati atrial fibrillation, lomwe limachulukitsa chiopsezo cha sitiroko pafupifupi kasanu. Mwachitidwa opaleshoni yaikulu posachedwa, kapena mwendo uli mu pulasitala. Muli ndi khansa. Ndinu oyembekezera kapena simunathe milungu 6 chibadwire mwana. Mumamwa mapiritsi olera okhala ndi estrogen. Ndinu onenepa kwambiri. Muli ndi sickle cell.

Zinthuzi zimaunjikana. Mayi amene amamwa mapiritsi a estrogen, amasuta fodya, ndiponso amadwala mutu waching'alang'ala woyamba ndi kuthwanima m'maso, ali kale pachiopsezo cha sitiroko ngakhale asanaone ndege. Ameneyo asadikire ulendo kuti akambirane ndi dokotala za njira ina yolerera.

Pokaonana ndi dokotala musangoti "ndili ndi ulendo". Nenani maola a ndege iliyonse, nthawi yodikira pakati, ndi tsiku lobwerera. Maulendo angapo otsatizana m'masiku ochepa amawonjezera chiopsezo. Apimeni BP. Ngati ikufika pa 180/120, vuto limenelo lithe kaye, tikiti idikire. Amene amamwa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, ayezetse INR, muyezo wa nthawi imene magazi amatenga kuti aundane, ulendo ukayandikira. Amene chiopsezo chawo n'chachikulu kwambiri dokotala akhoza kuwalembera jekeseni wa heparin kapena mankhwala ena oletsa magazi kuundana, koma ameneyo ndi dokotala, osati mnzanu wapaulendo.

Pali chizolowezi china chimene ndikufuna kuchitsutsa: kumeza aspirin pokwera ndege "kuti magazi apyapyale". Malangizo a madokotala salimbikitsa aspirin poteteza magazi kuundana m'miyendo paulendo. Phindu lake pamenepa n'lochepa, pomwe akhoza kuyambitsa kutaya magazi m'mimba. Ngati dokotala adakulemberani aspirin wa tsiku ndi tsiku pa vuto lina, pitirizani. Ngati sadatero, musayambe nokha.

Chachiwiri: ngati mwangodwala kumene sitiroko

Masiku oyambirira ndi amene sitiroko imakonda kubwereza. Bungwe loyang'anira maulendo a pandege ku Britain, la Civil Aviation Authority, limalangiza kudikira masiku 10, ndipo madokotala ambiri amati milungu iwiri. Wa mtsempha wophulika, kapena wochitidwa opaleshoni ya m'mutu, kawirikawiri amadikira kupitirira apo. Kampani ya ndege iliyonse ili ndi malamulo ake, ndipo ambiri amafuna fomu yotchedwa MEDIF imene dokotala wanu amalemba. Aimbireni kukadali nthawi. Pemphanitu njinga ya olumala ngati kuyenda mtunda kumakuvutani, chifukwa m'mabwalo akuluakulu a ndege mumayendedwa mtunda wautali. Pogula inshulansi ya paulendo ululani matenda anu onse. Mukabisa, tsiku lovuta adzakana kulipira.

Sitiroko yaing'ono ija ndiyo imanyenga anthu. Dzanja lidachita dzanzi dzulo madzulo, kapu n'kugwa, mawu n'kumatuluka okhotakhota kwa mphindi khumi, kenako zonse n'kubwerera m'malo. Munthu n'kumati kunali kutopa ndi kulongedza. Ayi. Limenelo ndi chenjezo, ndipo maola 48 otsatira ndiwo oopsa kwambiri. Zikakuchitikirani dzulo lake la ulendo, kapena pamzere wokwerera ndege, musakwere. Tikiti imasinthika.

Chachitatu: kulongedza

Mankhwala onse alowe m'kachikwama ka m'manja, m'mapaketi ake enieni, pamodzi ndi kalata ya dokotala, ndipo tengani opitirira masiku a ulendo. Chikwama chachikulu chimatha kutsala kapena kupita dziko lina. Lembani papepala dzina lanu, matenda anu, mankhwala ndi mlingo wake, ndi nambala ya wachibale, mulisunge pamodzi ndi pasipoti. Sitiroko imatha kulanda munthu mawu, ndipo pepalalo n'limene lidzakulankhulireni. Mzere wofunika koposa ndi wonena ngati mumamwa mankhwala oletsa magazi kuundana ndi nthawi imene mudamwa komaliza, chifukwa kuchipatala chithandizo chimasintha malinga ndi yankho limenelo.

Nkhani ya nthawi ikonzeni musananyamuke. Mankhwala oletsa magazi kuundana ngati apixaban, rivaroxaban ndi dabigatran mphamvu yake imatha msanga, kuphonya tsiku limodzi chitetezo chatsika kale. Foni imasintha yokha nthawi mukafika dziko lina, choncho alamu yanu ya 8 koloko ikhoza kulira mochedwa ndi maola angapo. Njira yosavuta ndi kuvala wotchi yosonyeza nthawi ya kumene mwachokera, kumwa mankhwala potsatira wotchiyo muli paulendo, kenako n'kumasuntha pang'onopang'ono mukafika. Wa insulin afunse dokotala ndondomeko yakeyake.

Masokosi othina a kuchipatala, ofika m'munsi mwa bondo, ofinya pa akakolo ndi mphamvu ya 15 mpaka 30 mmHg, amathandiza amene ali pachiopsezo, ndipo amachepetsanso kutupa. Akuyezeni mwendo pogula. Avaleni m'mawa miyendo isanatupe, ndipo musawapinde kumtunda chifukwa akapindika amamanga mwendo ngati chingwe. Amene mitsempha yobweretsa magazi kumapazi idachepa, monga zimachitikira ena a shuga ndi osuta fodya, asavale asanafunse dokotala.

Ngati n'kotheka sankhani mpando wa m'mbali mwa kanjira. Wa pazenera amachita manyazi kudzutsa anthu awiri, ndiye amangopirira.

Chachinayi: muli m'mwamba

Magazi a m'miyendo amakwera kubwerera kumtima chifukwa akatumba amafinya mitsempha nthawi iliyonse mukaponda. Mukakhala pansi pampu imeneyi imazima. Ntchito yanu yonse m'ndege ndi kuiyatsanso.

Pakatha ola limodzi kapena awiri, chizindikiro cha lamba chikazima, imirirani muyende m'kanjira. Mukafika kumbuyo imani mogwirira, nyamukani ndi zala za kumapazi, tsikani, kakhumi kapena kupitirira. Mukakhala pampando, pa theka la ola lililonse chitani izi: zidendene zili pansi, kwezani zala m'mwamba mpaka mumve katumba akukoka, kenako zala zili pansi, kwezani zidendene, zungulizani akakolo uku ndi uku, kokerani bondo pachifuwa, lina kenako linzake. Musapingase miyendo. Pansi pa mpando wa kutsogolo musadzazepo katundu, malo amenewo ndi a mapazi anu. Ngati ndinu wamfupi, mapazi sakufika pansi ndipo m'mphepete mwa mpando mukukufinyani kuseri kwa maondo, pondani pa kachikwama. Lamba wa thalauza mumasuleko.

Imwani madzi pafupipafupi, osadikira ludzu. Ubwino wake wina ndi woti amakudzutsani kupita kuchimbudzi. Ndaonapo anthu akukana madzi dala kuti asavutitse oyandikana nawo, n'kukhala maola asanu ndi atatu osasuntha. Musatero. "Pepani, ndidutse nawo" sikulakwira munthu.

Mowa wambiri ndi mapiritsi ogonetsa, makamaka zikaphatikizana, zimagonetsa munthu ngati chipika, mwendo utapindika maola ambiri. Mowa wambiri umathanso kuyambitsa kugunda kosalongosoka kwa mtima. Gonani ndithu, koma tulo toti mukhoza kutembenuka.

Chachisanu: kuzindikira sitiroko pampando woyandikana nanu

Tiyerekeze kuti magetsi azimitsidwa, anthu akugona. Bambo amene mwakhala nawo akuyesa kutsegula botolo la madzi, dzanja lamanja likungotsetsereka. Mukuwafunsa ngati ali bwino, akuyankha mawu osamveka, malovu akutsika mbali imodzi. Anthu ambiri apa amaganiza kuti ndi mowa kapena tulo, n'kutembenukira kwina. Inu yesani zinthu zitatu, sizitha ngakhale mphindi imodzi.

Nkhope: "Bambo, tamwetulirani." Onani ngati mbali imodzi ya pakamwa yagwa. Mikono: "Takwezani manja onse awiri." Onani ngati umodzi ukutsika wokha kapena sukunyamuka. Mawu: apempheni abwereze chiganizo chachifupi, monga "ndege ikuuluka usiku". Mverani ngati lilime likulemera, mawu akusokonekera, kapena sakumva zimene mukunena. Chimodzi chokha mwa zitatuzi n'chokwanira. Zizindikiro zina ndi kusaona mwadzidzidzi diso limodzi kapena mbali imodzi, kuona zinthu ziwiriziwiri, kudzandira ndi chizungulire chadzaoneni, ndi mutu wowawa modzidzimutsa kuposa uliwonse umene munthuyo adamvapo.

Chachinayi chake ndi nthawi. Yang'anani wotchi mulembe, ngakhale padzanja, nthawi imene zayamba. Ngati munthuyo wadzuka nazo, lembani nthawi imene adaoneka komaliza ali bwino, mwina pamene ankalandira chakudya. Lembaninso kuti nthawiyo ndi ya mzinda uti. Izi si zachabe. Mankhwala osungunula magazi oundana, monga alteplase, amaperekedwa pasanathe maola 4 ndi theka chiyambire zizindikiro. Kuchotsa magazi oundanawo ndi kachubu kolowetsa mumtsempha kumachitika makamaka m'maola 6 oyamba, ndipo kwa odwala ena osankhidwa mpaka maola 24. Dokotala wolandira wodwalayo funso lake loyamba lidzakhala la nthawi.

Dinani batani loitanira ogwira ntchito m'ndege, ndipo akachedwa dzukani mukawatenge. Musazungulire. Nenani kuti mukuganiza kuti ndi sitiroko, ndipo tchulani zimene mwaona. Ngati ndi inuyo mukumva zimenezi m'thupi mwanu, gwedezani woyandikana naye ndi dzanja limene likugwira. Paja mbewa ya manyazi idafera kudzenje.

Ogwira ntchito m'ndege amaphunzitsidwa chithandizo choyamba, ali ndi okosijeni ndi bokosi la mankhwala, ndipo makampani ambiri amalumikizana ndi madokotala a pansi, monga a MedLink ku Phoenix kapena a STAT-MD ku Pittsburgh, konseko ku America. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2013 m'magazini ya New England Journal of Medicine adapeza kuti matenda adzidzidzi amachitika pa ulendo umodzi mwa maulendo 604, ndipo zoterezi zikachitika, pa maulendo pafupifupi 7 mwa 100 ndege imapatuka kukatera kwina. Wosankha kupatuka ndi woyendetsa ndege, ndipo amasankha potengera zimene wauzidwa. Mukachedwa kunena, bwalo limene linali pafupi limatsala m'mbuyo.

Podikira, wodwala asapatsidwe chakudya, madzi kapena mapiritsi, chifukwa sitiroko imasokoneza kumeza ndipo akhoza kutsamwa. Aspirin asapatsidwe pokhapokha dokotala atalamula, pakuti popanda kujambula ubongo palibe angasiyanitse mtsempha wotsekeka ndi wophulika, ndipo pa wophulika aspirin amawonjezera kukha kwa magazi. Musathamangire kutsitsa BP ndi mapiritsi a munthu wina. Ngati wina ali ndi kachipangizo koyezera shuga, muyezeni, chifukwa shuga akatsika kwambiri amaonetsa zizindikiro zofanana ndi za sitiroko, ndipo ameneyo amachizika pomwepo. Akayamba kusanza kapena kukomoka, mugonekeni chammbali. Mumasuleni kolala, ndipo muzimulankhula modekha, chifukwa ambiri amene alephera kulankhula amamva zonse.

Zizindikiro zikatha ndege isanatere, musasinthe maganizo. Apite kuchipatala basi, asakwere ndege yachiwiri.

Chachisanu ndi chimodzi: mutatsika

Apa ndi pamene ambiri amaiwala. Magazi akaundana m'ndege, kawirikawiri sadzionetsa tsiku lomwelo. Lipoti la WHO lija lidati chiopsezo chimakhalabe chokwera kwa milungu pafupifupi inayi. Kachidutswa kamatha kuthothoka pamene mwaimirira kutsitsa chikwama cholemera, kapena patapita masiku mutafika.

Mukatsika yendani ndithu, musachoke pampando wa ndege n'kukakhalanso maola ena pabasi osaongola miyendo. Dziwanitu nambala ya ambulansi ya kumene mukupita: 112 m'mayiko a European Union, 999 ku Britain, 911 ku America ndi ku Canada.

M'masiku otsatira muziiona miyendo. Kutupa kwa miyendo yonse iwiri, kosapweteka, kophwa mukagona, n'kwa ulendo chabe. Koma mwendo umodzi wokha ukatupa, katumba akuwawa ngati kukokana kosatha, khungu likutentha kapena lasintha mtundu, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Musausisite, musauthowe. Mukayamba kubanika mwadzidzidzi, pachifuwa pakubaya mukamapuma, mtima ukuthamanga, kapena mukutsokomola magazi, itanani ambulansi, musayendetse nokha galimoto. N'chimodzimodzi nkhope ikakhota, mkono ukafooka kapena mawu akasokonekera, ngakhale zitatha pa mphindi zisanu.

Mukafika kwa dokotala, musadikire kuti akufunseni. Muuzeni kuti mwangotsika ndege, tsiku lake, ndi maola amene mudakhala pampando. Ngati wodwalayo ndi wachinyamata wopanda BP kapena shuga, funsani ngati ajambula mitsempha ya m'miyendo ndiponso ngati aupima mtima kuti aone za kabowo kaja, chifukwa kakapezeka kuti ndiko kadayambitsa sitiroko, kwa odwala ena kamatsekedwa ndi kachipangizo kolowetsa kudzera mumtsempha wa m'ntchafu.